Mpunga ndi Nkhuku Patsinde pa Phiri: Mbiri ya Mbale ya Khrisimasi ku Mulanje

Mabuku ndi zithunzi zochokera ku Ulaya zimaonetsa Khrisimasi ngati chikondwerero cha nyengo yozizira: kunja kwachita chisanu, banja lasonkhana pamoto, ndipo patebulo padzaza nyama ndi mikate. Kwa anthu a kumeneko zimenezi nzoona, pakuti mwezi wa Disembala umawapeza atakolola kale, ndipo makedzana imeneyi inali nthawi yophera ziweto zimene sakadatha kuzidyetsa kufikira msipu utameranso. Kwathu kuno tsiku ndi lomwelo, koma nyengo ndi ina. Chisanu chathu chimadza mu Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chimakuta phiri la Mulanje, ndipo nthawi imeneyo nkhokwe zimakhala zodzaza, mbatata ili mbwee. Khrisimasi imatipeza m'dzinja, khasu lili m'manja, chimanga chikadalekeza m'mawondo, nkhokwe itayamba kuonetsa pansi pake.

Tsono zidatheka bwanji kuti phwando lalikulu la chaka likhazikike m'miyezi ya njala? Nanga mpunga ndi nkhuku, tiyi ndi buledi, zimene mwana aliyense amaziyembekeza pa 25 Disembala, zidachokera kuti? Midzi yozungulira Mulanje Mission ndi malo oyenera kufunsirapo mafunso amenewa, chifukwa m'dera limeneli mudakumana Amang'anja, Ayao, Alomwe ndi Azungu, ndipo mtundu uliwonse udaponyamo kanthu mumphika.

Mphika wa makolo

Pamene David Livingstone adafika ku Nyanja ya Chilwa m'chaka cha 1859 ndi kuliona phiri la Mulanje chapatali, eni dziko m'chigawo chino anali Amang'anja. Chakudya chawo chakalekale chinali mapira, mawere ndi mchewere, pamodzi ndi khobwe, nzama ndi masamba a kutchire. Chimanga, chinangwa, mbatata, mtedza, nyemba, maungu ndi matimati, zimene lero timazitcha zamakolo, kwawo ndi ku America. Zidaoloka nyanja m'zombo za Apwitikizi chitapita chaka cha 1500, ndipo zidalowa kumtunda kuno pang'onopang'ono potsata njira za malonda. Chimanga chinalipo kale m'masiku a Livingstone, koma chidadzalanda ufumu wa mapira m'zaka za m'ma 1900. Motero ngakhale nsima ya ufa woyera ndi mkhwani wotendera, imene wapaulendo amailota ali kutali, ndi mbale ya alendo atatu amene adakhalitsa mpaka kusanduka eni mudzi.

Makolo athu ankadziwa kuika madyerero pamalo pake. Zinamwali, maukwati ndi mowa wokumbukira akufa zinkachitika masika atapita, chakudya chili chochuluka ndipo ntchito ya kumunda itachepa. Dzinja linali nthawi yodziletsa. Mayi ankatapa m'nkhokwe moyeza, mabanja ambiri ankadya nsima kamodzi patsiku, ndipo munthu wophika phwando mvula ili pakati akadamuyesa wosaganiza za mawa.

Komabe iwo anali ndi njira yochinjirizira ofooka, ndiyo chidyerano. Nyumba iliyonse ya mbumba imodzi inkaphika zimene inali nazo, ndipo mbale zonse zinkapita pamalo amodzi: amuna paokha, amayi ndi ana aang'ono paokha. Ubwino wa mwambo umenewu unali wakuti mwana wamasiye ndi nkhalamba imene nkhokwe yake yatha ankadya popanda kupempha, ndipo palibe amene ankawerenga kuti nyumba yakutiyakuti yabweretsa zingati. Tiusunge m'mutu mwambo umenewu, pakuti pa zonse zimene tizitchule m'nkhani ino, ndiwo wakale koposa.

Mpunga udali ndi njira yakeyake. Ku Nkhotakota udakula pamodzi ndi malonda a Aswahili m'masiku a Jumbe. Kuno ku Mulanje, Ayao adafika cha m'ma 1860, ndipo mafumu awo monga Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu adagwira njira za malonda zotsikira ku gombe la Quelimane. Mpunga umafuna dambo ndi madzi ambiri, choncho sunali wa munda uliwonse. Udakhala chakudya cha mfumu, cha wamalonda ndi cha mlendo wolemekezeka. Ulemu umenewu udaukanirira mpunga kufikira lero.

Amishoni ndi tsiku latsopano

Amishoni a Church of Scotland adakhazikika ku Blantyre m'chaka cha 1876, ndipo patapita zaka adayang'ana ku phiri lalikulu la kuvuma. Mbusa Robert Cleland, amene adatsegula njira ya ntchitoyo ku Mulanje, adamwalira m'chaka cha 1890 atangoyala maziko. Ena adapitiriza, ndipo kuchokera m'ntchito imeneyo mudatuluka tchalitchi, sukulu ndi chipatala zimene lero zili m'manja mwa abale athu a CCAP, Sinodi ya Blantyre.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Kwawo kwa amishoni amenewa Khrisimasi silinali tsiku lalikulu. M'chaka cha 1640 nyumba ya malamulo ya ku Scotland idathetsa tchuthi cha nyengoyo, ndipo kwa zaka mazana atatu anthu a kumeneko ankasangalala kwambiri pa Chaka Chatsopano. Tsiku la Khrisimasi lidakhala tchuthi cha dziko lonse la Scotland m'chaka cha 1958. Akatolika, amene ansembe awo a chipani cha Montfort adafika ku Nzama m'chaka cha 1901 ndi ku Nguludi mu 1903, adadza ndi Misa ya pakati pa usiku ndi khola la Mwana Yesu. Mipingo yonseyi idaphunzitsa anthu tanthauzo la tsikulo ndi nyimbo zake. Koma za chimene chiyenera kukhala pamafuwa, palibe mbusa kapena wansembe amene adaika lamulo. Zimenezo adakonza ndi amayi a m'midzi.

Buledi wa tirigu, tiyi wothira mkaka ndi nyama yokazinga m'mafuta zidatuluka m'makhitchini a amishoni ndi a atsamunda kudzera mwa anthu athu amene ankaphika m'nyumbazo. Mayi wa kumudzi analibe uvuni, ndipo tirigu anali wa ndalama. Iye adatenga mgaiwa, nthochi zakupsa ndi soda pang'ono, adathira mumphika, naika makala pansi ndi pachivundikiro. Chigumu kapena chikondamoyo chimene ana amachimwera tiyi m'mawa wa Khrisimasi ndi umboni wa nzeru imeneyi.

Tiyi ndi thangata

M'chaka cha 1891 Henry Brown adabzala tiyi ku Mulanje, mbewu yake itachokera ku mitengo ya ku mishoni ya Blantyre. Khofi, amene Azungu oyamba adamdalira, adalephera zaka za m'ma 1900 zikuyamba, ndipo tiyi adafalikira m'munsi mwa phiri pa Lauderdale, pa Thornwood ndi m'minda ina. Apa mpamene pagona chinsinsi cha nkhani yathu. Tiyi amaphuka ndi mvula. Miyezi imene masamba amachuluka ndi kufuna manja ambiri othyola, kuyambira Disembala kufikira Malichi kapena Epulo, ndi miyezi yomweyo imene munthu amafunika m'munda mwake kuti apalire ndi kubandira.

Manja amenewo ambiri anali a Alomwe. Kuyambira cha m'ma 1890 ndi kwa zaka makumi angapo zotsatira, iwo ankaoloka Ruo ndi Muloza kuthawa msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi. Malo abwino adawapeza atagwidwa kale. Ambiri adaloledwa kumanga pamalo a Mzungu, ndipo lendi yake inali ntchito. Liwu lakuti thangata, limene kale linkatanthauza kuthandizana kwa abale pa ntchito ya kumunda, lidasanduka dzina la goli. Wantchito ankalandira phoso la ufa, nyemba ndi mchere, pamene munda wake unkamera udzu. Thangata lidathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962, koma kuchepa kwa malo kumene lidasiya sikudathe.

Munthu wa kamunda kakang'ono ndi nthawi yochepa amasankha mbewu zopirira. Chinangwa chimadikira m'nthaka kufikira mwini wake atachifuna. Akachisenda ndi kuchiyanika chimasanduka makaka osungika miyezi yambiri, ndipo masamba ake ndi ndiwo. Nandolo amamera pakati pa chimanga, sadandaula ndi ng'amba, amakonza nthaka, ndipo mitengo yake ndi nkhuni. Kalongonda ndi nyemba yaululu ikakhala yosaphikidwa bwino. Imafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, ndipo mayi wodziwa kuiphika amaphunzira kwa amake. Mitundu ina inkawaseka Alomwe chifukwa cha zakudya zimenezi, ndipo ana ena amene adapita kusukulu adayamba kuchita nazo manyazi. Koma ndi zimenezi zimene zidalera mibadwo imene idathyola tiyi wa dziko lino. Masiku ano anthu amazionetsa monyadira pa chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe pa Chonde, m'boma lomweli la Mulanje.

Tsono yankho la funso lathu layamba kuoneka. Madyerero a makolo ankachokera m'nkhokwe, choncho ankatsata masika. Phwando la Khrisimasi lidachokera m'thumba la malipiro, choncho lidatha kukhazikika m'dzinja. Wothyola tiyi ankalandira ndalama zochulukirapo m'miyezi yomweyo imene chimanga chinkatha m'nyumba, ndipo pa tsiku limodzi lopuma ankatha kugula zimene munda wake sunkabala: mpunga, shuga, mafuta ndi buledi.

Obwerera kumudzi

Mtsinje wina wa ndalama unkachokera kunja. Amuna ambiri adapita ku Halale ndi ku Bulawayo, ena ku migodi ya ku Joni kudzera mwa Wenela. Amene ankatha kubwerera ankayesetsa kufika chaka chisadathe, atanyamula masutikesi a nsalu, mabulangete, ketulo ndi makapu. Mudzi unkaphunzira kwa iwo kuti tsikuli nlovala zatsopano ndi kudya zachilendo. Nyumba zina zinkadikira pachabe, pakuti bambo adachona, ndipo kwa ana a m'nyumbazo fungo la anyezi wokazinga la kwa anzawo linali chikumbutso chowawa. M'chaka cha 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu opita ku migodi. Amuna zikwizikwi adabwerera kwawo m'zaka zotsatira, ambiri a iwo kudzalowa ntchito m'minda ya fodya ndi tiyi.

M'nyengo yomweyo zinthu ziwiri zidayandikira mphika wa munthu wamba. Fakitale ya shuga ya ku Nchalo idayamba ntchito m'chaka cha 1966, ndipo shuga adaleka kukhala chinthu chochokera kunja kokha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1970 boma lidatsegula minda ya mpunga yothirira m'chigwa cha Chilwa, monga ya ku Likangala ndi ku Domasi, mothandizidwa ndi alangizi a ku Taiwan. Pofika zaka zimenezo mbale ya Khrisimasi inali itakhazikika monga tiidziwira: m'mawa tiyi wa shuga wambiri ndi buledi kapena mandasi, masana mpunga ndi nkhuku, ndipo thobwa la chimera cha mawere lili mumtsuko kuyembekeza aliyense wodutsa.

Nkhukuyo iyenera mawu akeake. Mwa makolo nkhuku sinali ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Inali chuma choyenda pabwalo: cholipira mlandu waung'ono, chothokozera mzamba, ndipo koposa zonse cholandirira mlendo. Mlendo akaphikiridwa nkhuku, m'mbale mwake muyenera kupezeka nthutumba, chizindikiro chakuti nkhukuyo idaphedwera iyeyo. Kusunga nkhuku kufikira Disembala si chinthu chapafupi, pakuti chitopa chimakonda kusesa makola m'miyezi yotentha mvula isadagwe. Motero pamene amayi athu adafuna ndiwo yoyenera tsiku la kubadwa kwa Ambuye, adatenga mpunga wa mlendo ndi nkhuku ya mlendo. Popanda kuwerenga mabuku akuluakulu, iwo adazindikira kuti tsikuli ndi lolandira Mlendo, ndipo adamlandira monga mwa ulemu wa kwathu.

Chakudya cha masiku ena onse

Koma Disembala ali ndi masiku 31, ndipo mpunga ndi wa tsiku limodzi kapena awiri. Mukafunsa munthu wa ku Mulanje wokhala ku Lilongwe kapena ku Johannesburg chimene amachilakalaka mvula ikayamba, kawirikawiri satchula mpunga, chifukwa mpunga aliko komweko. Amatchula ngumbi zotuluka m'chulu mvula yoyamba itagwa, zokazinga paphale ndi mchere wokha popeza mafuta zili nawo kale. Amatchula bowa wozulidwa mbandakucha, bonongwe ndi chisoso zomera zokha m'mphepete mwa munda, mkhwani wanthete wothira nsinjiro, therere lophika ndi chidulo, makaka ophika pamodzi ndi nandolo, ndi matemba a ku Chilwa ogulidwa pa Chitakale kapena pa Limbuli. Amatchula mango ogwa usiku ndi mphepo, ndi zinanazi za m'mphepete mwa phiri.

Zakudya zimenezi zimatonthoza mtima chifukwa zimadza pa nthawi imene munthu amazifunadi, ndiponso chifukwa cha manja amene adaziphika. Dzinja limatseka nkhokwe, koma limatsegula tchire ndi dimba. Mayi amene adafutsa masamba m'masika ndi kusunga mfutso m'chikwatu, amene adayanika makaka padzuwa la Okutobala, amene amadziwa bowa wodyedwa ndi wakupha, ndiye amene amaolotsa banja kuchoka pa Disembala kufika pa mondokwa woyamba. Maina a amayi otere sadalembedwe m'mabuku a mishoni kapena a kampani, koma popanda iwo sikukadakhala wophunzira m'kalasi kapena wothyola tiyi m'munda.

Zaka za njala zidatsimikiza zimenezi. Mvula itadula pakati pa dzinja la 1948 ndi 1949, njala yoopsa idagwa m'chigawo cha kummwera, makamaka m'boma la Blantyre, ndipo okalamba ankawerengera zaka za kubadwa kuchokera pa njala imeneyo. Kuchiyambi kwa chaka cha 2002 anthu adadyanso gaga, mango osapsa owiritsa ndi mizu ya nthochi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri ndi kukokolola midzi ndi minda ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma oyandikana nawo, ndipo anthu oposa 1,000 adafa m'dziko muno. Pambuyo pa tsoka lililonse lotere, mbewu zimene anthu amathamangira kubzala ndi kugawana ndi zomwe zija zonyozeka: mbatata, chinangwa ndi nandolo.

Nandoloyo nayenso adalowa m'malonda a dziko lapansi, ndipo wambiri amapita ku India. Pamene dziko limenelo lidachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja m'chaka cha 2017, mtengo udagwa pansi, ndipo alimi ambiri a chigawo chino adatsala ndi matumba opanda wogula. Phwando lodalira msika limakwera ndi kutsika pamodzi ndi msikawo.

Zimene mbiriyi ikutiuza

Sitikunena kuti mpunga ndi nkhuku zichoke pamafuwa. Munthu amene wagwira khasu ndi dengu chaka chonse ayenera tsiku limodzi lodya mokondwa, ndipo mwana amene walawa chimwemwe cha tsikulo amachikumbukira kufikira imvi. Koma phwando lobadwa m'malipiro lili ndi misampha iwiri imene madyerero a makolo analibe.

Msampha woyamba ndi ngongole. Pali mabanja amene amagulitsa thumba lotsiriza la chimanga, kapena feteleza woyenera kuthiridwa sabata yomweyo, kapena kutenga katapila, kuti asaoneke otsalira pamaso pa anzawo. Januwale akafika, sukulu ikufuna zake, ndipo bambo ndi mayi akupalira munda wa wina pa ganyu pamene wawo ukufiira. Chakudya cha tsiku limodzi chadya chakudya cha miyezi itatu. Manyazi amene amatikankhira kumeneko ndi omwe aja amene ankachititsa ana a sukulu kubisa makaka, ndipo mbiri yaonetsa kuti alibe maziko.

Msampha wachiwiri ndi chitseko. Chimene munthu wakolola amachiona ngati mphatso ya mvula ndi nthaka, ndipo sachedwa kugawa. Chimene wagula ndi ndalama amachiwerenga. Motero chidyerano chidayamba kuzirala pamene mphika udayamba kudalira sitolo, ndipo lero nyumba zambiri zimadya mpunga wa Khrisimasi zitatseka chitseko, mwana wa mnansi akusuzumira pazenera. Pamenepo tasunga chakudya cha mlendo ndi kumtaya mlendoyo. Akuluakulu adati kupatsa nkuika, ndipo m'dziko la napolo ndi ng'amba palibe banja limene lingalumbire kuti silidzagogoda pakhomo la wina.

Dzina la Betelehemu m'Chihebri limatanthauza nyumba ya mkate, ndipo Mwana amene timamkumbukira adagonekedwa modyera ziweto, m'mudzi umene makolo ake adafikamo ngati apaulendo. Mwina nchifukwa chake kuli koyenera kuti kwathu kuno tsikuli limagwa m'miyezi ya njala, pamene kugawana kuli ndi mtengo wake weniweni.

Chaka chino, tsono, banja liyeze phwando ndi zimene lili nazo. Ngati nkhuku idapulumuka chitopa, iphedwe. Ngati palibe, nandolo ndi mkhwani wotendera ziphikidwe bwino ndi kuikidwa pamphasa popanda kupepesa. Atsikana ndi anyamata omwe akhale pafupi ndi agogo awo ndi kuphunzira kaphikidwe ka kalongonda, kafutsidwe ka masamba ndi maina a bowa, pakuti nzeru zimenezi zikupita kumanda pamodzi ndi eni ake. Ndipo mayi asadayambe kugawira a m'nyumba mwake, ayambe waomola mbale imodzi, aivundikire, ndi kutuma mwana kuti akaitule kwa nkhalamba, kwa wamasiye kapena kwa wodwala amene m'nyumba mwake simudafuke utsi m'mawa umenewo.